Amuna Anga Ankatola ku Katowo

1

A Hezron Harawa sankatsika galimoto ngati anthu ena onse. Ankayamba atulutsa nsapato imodzi n'kuisiya kaye m'malere kuti anthu aone mmene ikuwalira, kenako mimba, kenako tayi, mutu n'kubwera pomaliza. Amenewo anali amuna anga, ndipo ine chitsiru ndinkaima pawindo la ofesi n'kumanyadira.

Dzina langa ndine Caroline, kwathu ndi ku Ntcheu. Boma linanditumiza kukagwira ntchito ku Rumphi ndikadali mtsikana, ndipo ndinalira m'basi kuchokera pa Kasungu mpaka kukafika. Ndinkati ndikhalako chaka chimodzi basi. Koma mu ofesi yoyandikana ndi yathu, imene sinditchula dzina, munali mnyamata wa Chingerezi chosalala ndi kampango kositidwa m'thumba. Chaka chija chinathera pa ukwati wa m'tchalitchi, ndipo tinabereka mwana wamkazi, Mtende, amene pano ali kusekondale yogonera komweko ku Phwezi.

Banja la a Harawa ndi la ku Bolero, lija la anthu ophunzira kuyambira kwa agogo awo. Tiyi samwa popanda sosala. Apongozi anga, mayi Muriel, ndi namwino wopuma pantchito ndiponso mtsogoleri wa amayi kumpingo, munthu woti ukamupatsa moni amayamba wakonza kaye kalankhulidwe kako asanayankhe. Dzina langa sankalitchula. Ndinali "mkamwana wa kumwera uja", kutanthauza mkazi wa mwana wawo, ngakhale mwana wa sitandade 4 amadziwa kuti Ntcheu ili m'chigawo chapakati.

Nanenso ndinawabwezera m'njira yanga: ndinakana kuphunzira Chitumbuka. Ndinangotolako "yewo" ndi "chomene" zogulira tomato pamsika. Mtende ankati, "Amayi, phunziraniko, adzakugulitsani muli pomwepo." Ine ndinkamuyankha kuti Chichewa aliyense amamva, ndiye ndivutikirenji.

Koma banja lokhalo ndinaligwira ndi manja awiri. Akulu anga onse maukwati awo anatha, ndipo kwathu amayi akafuna kulangiza mtsikana ankatchula ine. Atandiitana ku Lilongwe kuti akandikweze udindo ndinakana, chifukwa a Harawa anati mwamuna satsatira mkazi. Ndinali wokonzeka kutaya chilichonse, bola ndikhalebe Mayi Harawa, ine ndekha.

2

Chaka chatha kunabwera lamulo lochokera kulikulu loti galimoto za boma za m'maofesi athu ziikidwe m'magulu, potengera ntchito imene iliyonse imagwira ndi mtunda umene ikuyembekezeka kuyenda pamwezi. Ntchitoyo inagwera ine.

Magulu anali atatu. Panali za m'tauni, za mabwana okhala pampando, zongochoka kunyumba kupita ku ofesi ndi kumisonkhano, makilomita ochepa ndi mafuta ochepa. Panali za kufildi, zopita kumidzi m'misewu yoipa, ndipo zimenezi zinkapatsidwa mafuta ambiri, matayala pafupipafupi, ndipo palibe ankadabwa zikayenda mtunda wautali. Zotsalazo zinali za pulu, zopanda mwini, zoti aliyense wofuna amachita kupempha. Galimoto ikapyola mtunda wa gulu lake, woigwiritsa ntchito ankayenera kukafotokoza pamaso pa komiti.

Ndinaona malodza mwezi umenewo. Mabwana oti nsapato zawo sizinalaweko matope anayamba kubwera padesiki panga ndi mayina a midzi imene njira yake saidziwa, onse kufuna gulu la kufildi chifukwa cha mafuta. Wina anandibweretsera mpaka tambala. Ndinamubweza ndi tambala wake yemwe, ndipo ndinamva kukoma kudziwika kuti Mayi Harawa sagulidwa.

Ndiye inafika nthawi yoona galimoto ya amuna anga, dabulokebu yoyera. Ntchito ya a Harawa ndi yosaina mapepala, choncho gulu lake linali lodziwikiratu, la m'tauni. Koma nditasuzumira pa dashibodi ndinapukuta maso. Makilomita ake ankaposa a galimoto ya alangizi imene imakhalira kumidzi. Matayala anali atatha mpaka kusalala. Pansi pa mipando panali fumbi lofiira, makoko a nyemba ndi nthenga za nkhuku.

Dalaivala wawo anali a Fiskani, bambo wofatsa wa ku Rumphi konkuno, amene Chichewa chawo chimayenda ndi ndodo ya Chitumbuka.

"A Fiskani," ndinawafunsa, "galimoto iyi ulendo wake ndi wa kunyumba ndi ku ofesi. Makilomita onsewa ikuwatenga kuti?"

Anayang'ana tayala ngati yankho lalembedwa pamenepo. "Ine ndimangoyendetsa waka, mama."

"Kuyendetsa kupita kuti?"

"Ku Katowo."

"Kukatani ku Katowo? Abwana anu alibe ofesi kumeneko."

"Asi mukudziwa, mama. Abwana anatola kumeneko."

Kutola! Nthenga za nkhuku zija, makoko a nyemba aja, zonse zinagwirizana. Amuna anga, mkulu wa mpingo, ankachita matola, kukweza anthu pamsewu n'kumawalipiritsa, pa galimoto ya boma. Umenewo ndi mlandu wochotsetsa munthu ntchito tsiku lomwelo.

"Zinayamba liti?"

"Chaka chapitachi, nthawi ya fodya."

Manyazi anandigwira, koma sindikanalola dalaivala aone kuti mkazi wa bwana amabisiridwa zinthu. Ndinaseka kaphwete kabodza.

"Zimenezo ndikuzidziwa kale. Mukuganiza kuti pali chimene amandibisira? Asiyeni atole, masiku ano moyo wavuta. Bola asamaiwale kunyumba."

A Fiskani anandiyang'ana kukamwa kuli yasa. Kenako anavula kapusi n'kuigwira pachifuwa. "Mama, ndinu munthu wa Chiuta. Sindinaonepo. Yewo chomene."

Ndinabwerera mu ofesi ndikudzitama kuti ndayankha ngati mayi wanzeru.

3

Ndinawadikira a Harawa mpaka Loweruka masana, nthawi ya tiyi. Anakhala pa sofa, kapu ndi sosala m'manja, nyuzipepala pabondo.

"Bambo a Mtende, ndamva zimene mumachita ku Katowo."

Kapu inayamba kulira pa sosala, ngwe ngwe ngwe. "Wakuuza ndani?"

"Zimenezo zilibe ntchito. Mwatola kapena simunatole?"

Anaika kapu pansi, tiyi n'kutayikira pa nyuzipepala. "Caro, ndimafuna ndikuuze. Mulungu ndi mboni, ndimangosowa poyambira."

"Mwatola kangati?"

"Kamodzi kokha! Ndikulumbira, kamodzi kokha."

"Kamodzi? Matayala athe chonchija ndi kamodzi?"

Munthu wamkulu uja anatsetsereka pa sofa n'kugwada pa kapeti, mimba ili patsogolo. Thukuta linali kamukamu. Chikwatirane ndinali ndisanawaonepo atagwada kwina kulikonse kupatula kutchalitchi, ndipo nakonso ankayala kaye kampango.

"Ndi amama anandikakamiza, Caro. Ankati..."

"Musawalowetsemo amayi anu! Iwowo ndi amene amaimika galimoto pamsewu? Munthu wa maphunziro anu, mkulu wa mpingo, kumakweza anthu ndi nkhuku zawo pa galimoto ya boma ngati kondakitala! Matola, bambo a Mtende? Takusowetsani chiyani m'nyumba muno?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo ndinaona nkhope yawo ikubwerera mwakale pang'onopang'ono. Anadzuka, anadzisasa bondo, nakhalanso pa sofa.

"Matola," anatero mwakachetechete, ngati akulawa mchere mu ndiwo. "Eya. Matola. Satana anandinyenga, mkazi wanga."

Ndinawauza kuti aleke tsiku lomwelo. Anapukusa mutu mwachisoni.

"Sizingatheke kuleka mwadzidzidzi. Anthu a kumeneko amavutika mayendedwe. Kuli mayi wina woyembekezera, alibe wina womuthandiza koma ine ndekha. Ukufuna adzachirire pamsewu?"

Ndipo ine, Caroline wa ku Ntcheu, mtima unasungunuka. Ndinayamba kuona ngati ndakwatiwa ndi Msamariya wachifundo.

"Vuto ndi komiti yako ija," anapitiriza. "Akaona makilomita, ntchito yatha. Nyumba ino ndi ya boma, atitulutsa. Mtende achoka ku Phwezi. Ndipo amayi ako ku Ntcheu adzamva kuti mkamwini wawo anachotsedwa ntchito chifukwa cha matola. Iweyo cholembera chili m'manja mwako. Ungoisintha gulu basi."

Anamaliza tiyi wotsalayo bwinobwino, mpaka anapempha wina.

4

Lolemba lake dabulokebu yoyera inalowa m'gulu la kufildi. Chifukwa chake ndinalemba kuti mwini wake amayendera ntchito za kumadera. Malo m'gulu limenelo anali owerengeka, choncho kuti iyo ilowe, ina inayenera kutuluka. Ndinatulutsa ya alangizi ija n'kuiponya ku pulu. Alangizi anabwera kudzadandaula kuti tsopano azipita kumidzi panjinga, ndipo ndinawayankha kuti malamulo ndi malamulo, osaphethira n'komwe.

Dabulokebu inalandira matayala atsopano ndi mafuta osefukira. A Harawa, amene kale ankazemba mobisa, tsopano ankanyamuka Lachisanu masana poyera, n'kubwera Lamlungu m'mawa kudzafikira kutchalitchi. Ankati msewu ndi woipa, ndiye amagona kwa amayi awo ku Bolero. Ndikawaimbira apongozi, ankavomera kuti inde, mwana wawo ali nawo, wangotuluka pang'ono.

Chodabwitsa chinali mmene anthu anasinthira. Amayi a kumpingo, amene kale ankandipatsa moni wa nsonga za zala, anayamba kundigwira dzanja ndi manja awiri. Ena ankandiyang'ana mwachifundo, ena ngati akuona munthu wodzuka kwa akufa. Pamsika mayi wina wa tomato anandiwonjezera mulu wathunthu wa basera n'kunena kuti, "Mtima wanu, mama, ndi wosowa."

Kenako apongozi anabwera okha kunyumba, atanyamula nkhuku yoyera. Anakhala pa sofa, nandiitana ndi dzina langa koyamba chikwatiwire.

"Caroline, mwana wane, ndinakuweruza molakwa. Wakhwima. Si akazi onse angalole zimene walola iwe."

"Ndinalola chifukwa cha banja, amama," ndinayankha modzichepetsa. "Bola zisamveke kuntchito."

"Ndi kumpingo komwe," anatero mofulumira. "Anthu akudziwa, koma zisafike kwa abusa. Zimenezi ndi za m'banja."

Ndinagwedeza mutu. Ndinali wokondwa, ndisakunamizeni. Zaka zonse zija ndinkafuna kuti mayi ameneyu andione ngati munthu, ndipo tsopano ndinali nditagula ulemu wake ndi cholembera chimodzi. Nkhuku ija tinaidya Lamlungu, a Harawa n'kutenga nthutumba ndi chiwindi chomwe monga mwa masiku onse.

5

Patapita miyezi ingapo, abwana athu analengeza kuti kukubwera anthu ochokera kulikulu kudzatsimikizira magulu aja. Galimoto iliyonse ya kufildi ankayenera kuikwera n'kuyenda nayo njira zake. Ndinaona kale m'maganizo mwanga dabulokebu ikulowa pa Katowo, alendo a ku Lilongwe ali mkati, anthu n'kumaithamangira ndi matumba a nyemba akufuula kuti matola afika.

Sabata imeneyo a Harawa anali ku Mzuzu ku maphunziro, ndipo galimoto anaisiya. Ndinaitana a Fiskani.

"Mawa mundiperekeze ku Katowo. Ndikufuna ndikaone kumene abwana anu amatola, ndikalankhule nawo anthuwo ndekha."

Anadzidzimuka, kenako nkhope yawo inawala. "Mwaganiza bwino chomene, mama. Kudziwana ndi kwabwino. Abwana akudziwa?"

"Kodi ndiyenera kupempha chilolezo?"

"Yayi, mama. Ndinu akulu."

Tinanyamuka m'mawa. Titafika pa Bolero anaimika galimoto pa sitolo ina n'kundiyang'ana mwaulemu. "Mama, koyamba sitipita chimanjamanja. Kashuga, kasopo, mwina ndi kachitenje."

Ndinaona ngati n'zopusa kugulira mphatso anthu okwera matola, koma ndinaganiza kuti munthu ukamutseka pakamwa ndi shuga saulula. Ndinagula shuga ndi sopo, ndi chitenje cha maluwa achikasu chimene a Fiskani anasankha okha.

Kupitirira Bolero msewu unayamba kutigwedeza. M'mbali mwake munali anthu odikira mayendedwe, amayi ndi madengu, abambo ndi matumba a feteleza. Ndinkayembekeza kuti aziimika ndi manja poona galimoto yawo ya masiku onse. Palibe ndi mmodzi yemwe anatukula dzanja. Ena sanadzutse n'komwe mutu.

"Bwanji sakutiimika?" ndinafunsa.

"Aimike ya boma, mama? Akudziwa kuti sitinyamula anthu. Abwana amakana chomene. Ngakhale nkhalamba itagwa pamsewu, amati mipando ida."

"Nanga nthenga za nkhuku zija?"

"Zija amapatsidwa kuchipongozi."

Ndinafuna kufunsa kuti kuchipongozi kwake kuti, poti kwathu ku Ntcheu galimotoyi sinapondeko. Koma ndinangogwiritsitsa shuga uja pamiyendo mpaka pepala lake linayamba kung'ambika.

6

Tinapitirira masitolo a pa Katowo, tinakhota kanjira kodutsa m'munda wa fodya, n'kukaima pa nyumba ya njerwa zootcha ya malata atsopano. Pachingwe panali malaya a buluu amene ndinawafunafuna mwezi wathunthu, a Harawa n'kumakalipa kuti ndine wosasamala.

Pakhonde panakhala apongozi anga, atavala chitenje wamba, akuyangata khanda. Atandiona anaimirira ndi chimwemwe.

"Caroline, mwana wane! Wabwera wekha? Lusungu! Fulumira, akulu ako afika!"

M'nyumba munatuluka mtsikana wamtali, wa nkhope yofatsa, woti akanatha kukhala mng'ono wanga wotsiriza. Anagwada patali n'kuwomba m'manja.

"Yewo, mama. Yewo chomene. Ndimafuna kubwera kudzakuthokozani, koma ndimaopa."

"Kundithokoza chifukwa cha chiyani?"

"Galimoto, mama. Adada a Griffin anati ndinu munakonza kuti izibwera kuno sabata iliyonse. Tsiku limene matenda anandiyamba, ikanapanda kukhala pano, kaya ndikanafika bwanji kuchipatala."

"Adada a Griffin ndi ndani?"

Ndinayang'ana khanda lija. Makutu ake anali otambalala ngati a Mtende, ngati a munthu amene ndinagona naye nyumba imodzi theka la moyo wanga. Ndinatembenukira kwa a Fiskani.

"Mtsikanayu ndani?"

"Ndi amene abwana anatola aja, mama."

"Anatola? Munthu amatoledwa? Anagwa pansi kapena?"

Apongozi anakhala pansi pang'onopang'ono. Anavala magalasi awo n'kundiyang'ana mmene ankayang'anira aliyense wolakwitsa mawu.

"Caroline, zaka zonsezi uli kuno? Kwathu kuno mwamuna akatola, ndiye kuti wakwatira. Iwe umaganiza kuti Hezron amatani?"

"Matola," ndinayankha, ndipo mawuwo anatuluka aang'ono ngati a mwana.

A Fiskani anavula kapusi n'kuzungulira kuseri kwa galimoto. Lusungu anatseka pakamwa ndi dzanja. Ndinkaganiza kuti akuseka, koma anali akulira. Nayenso anali atangozindikira kuti madalitso a mkazi wamkulu amene ankawanyadira pamudzi anali abodza.

"Koma unanena wekha," anatero apongozi. "Fiskani anamva ndi makutu ake. Unati asiyeni atole, bola asamaiwale kunyumba. Ndipo unasintha galimoto ndi dzanja lako. Hezron anatiuza kuti umenewo ndiwo umboni."

Apa m'pamene mkwiyo unandimasula lilime.

"Inu amama, amene mumaima kutsogolo kwa amayi Lachinayi lililonse, bulauzi yoyera mbee, kuphunzitsa kuti ukwati ndi wa anthu awiri? Ndinu mwakhala apa ngati mlonda wa chinyengo?"

Sanachite manyazi ngakhale pang'ono. "Dzina la Harawa limafuna mwana wamwamuna. Iwe unaima pa Mtende. Ndipo pano palibe chinyengo, ng'ombe zinaperekedwa, zonse zinayenda mwadongosolo."

"Ngati ndi dongosolo, bwanji mukuwabisira abusa?"

Pamenepo mayi wodziwa kukonza mawu a aliyense anayamba kukonza thewera la mwana limene linali lokonzeka kale.

Ndinaona kuti shuga uja ndikadali naye m'manja. Ndinamuika patsogolo pa Lusungu pamodzi ndi sopo ndi chitenje.

"Tenga, mng'ono wanga. Zagulidwa ndi chitsiru koma ndi zabwinobwino. Iwe ndilibe nawe mlandu."

Ine ndi a Fiskani tinauyamba ulendo wobwerera. Pafupi ndi Bolero anangoti, "Mama, ine ndinakuuzani zoona." Ndinawayankha kuti ndikudziwa, ndipo ulendo uno ndinkadziwadi.

7

M'mawa mwake ndinalowa mu ofesi ya abwana athu n'kuwauza zonse, kuti dabulokebu si ya kufildi, kuti ndinaiika m'gulu limenelo mwadala, ndiponso kumene imapita. Anandipatsa chenjezo lolembedwa n'kundilanda ntchito ya magulu ija. Ndinalandira osatsutsa. Galimoto ya alangizi inabwerera m'malo mwake. Komiti itakumana, inaona kuti munthu wosaina mapepala amene nyumba yake ili pafupi ndi ofesi safunikira galimoto yakeyake, ndipo dabulokebu yoyera inapita ku pulu. Nkhani ikafika pa komiti ku Rumphi, ndiye kuti yafika pamsika, ndipo ikafika pamsika yafika kwa abusa. Ukulu wa mpingo unatha mwezi womwewo.

A Harawa anabwera kuchokera ku Mzuzu n'kundipeza ndikulongedza.

"Caro, wandiwonongeranji? Unalola wekha. Mboni zilipo."

"Munagwada pa kapeti iyi," ndinawauza. "Munaona ndi maso anu kuti sindikumva chimene ndikunena. Ndiye munadzuka, n'kudzisasa bondo, n'kupempha tiyi wina."

"Nanga ukanakhala iwe ukanatani?"

Ndinawayang'ana bwinobwino, mwina koyamba. Ndinaona kamunthu kamantha kobisala kuseri kwa tayi, koti ngakhale tchimo lake lomwe kanachita kulibwerekera mafuta a boma ndi dzanja la mkazi wake. Sindinalire. Munthu umalira chinthu cha mtengo.

Ndinapeza kanyumba ka lendi pafupi ndi msika. Nditawaimbira amayi ku Ntcheu, anati tsopano asowa womutchula polangiza atsikana. Mawu amenewo anandipweteka kuposa zonse za ku Katowo.

Lachisanu lina masana ndinkadutsa pa siteji ya magalimoto a ku Bolero ndi Katowo. Panali kapikiyapu kodzaza matumba a feteleza, amayi ndi nkhuku zawo atakhala pamwamba. Munthu wina wa suti ankalimbana n'kukwera. Unayamba kukwera ndi mutu, kenako tayi, mimba inakakamira pa chitsulo mpaka kondakitala anachita kuwakoka ndi lamba, ndipo nsapato inabwera pomaliza, yotuwa ndi fumbi.

"Sunthani, adada, musakhalire nkhuku za eni!" anakalipa mayi wina.

A Harawa anandiona. Anayesa kubisa nkhope kuseri kwa dengu la tomato. Ndinawabayibitsa, chifukwa kwathu anatiphunzitsa ulemu.

Inu amene mukuwerenga, makamaka anzanga amene boma kapena ukwati unakuponyani kutali ndi kwanu, musadzandimvere chisoni ayi. Chinsinsi changa sichinabisidwe. Anandiuza masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo ine ndinayankha kuti ndikudziwa kale. Akuluakulu anati ndikudziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Mukamva mawu amene mukuganiza kuti mukuwadziwa, koma wonenayo akutuluka nawo thukuta, funsani kuti kwawo amatanthauza chiyani.

Pano Mtende akabwera ku holide amandiphunzitsa Chitumbuka, ndipo sindikananso. Anandiphunzitsa mawu ena amene ndawakonda kwambiri. Kwathu kupata ndi kupeza chuma. Kuno kupata ndi kusiya mkazi kapena mwamuna, ukwati n'kutha. Ndiye ndikapita ku Ntcheu anthu n'kumandifunsa kuti zaka zonsezi kumpoto ndapatako chiyani, ndimawayankha kuti ndinapata mwamuna. Osadziwa amandiyamikira kuti ndinachita mwayi, ndipo ine sindiwatsutsa.